UTHENGA WA SABATA INO: Azondi Khumi ndi Foni Ili M'manja Mwanu

 Atate athu a Bishopu pamodzi ndi Amayi akupereka moni wa chikondi kwa banja lililonse. Mwezi uno atipatsa mutu wa kuyenda mopanda mantha, ndipo andituma kuti ndikambe nanu za mantha amodzi amene alowa pakati pathu mwakachetechete.

Malemba a sabata ino: Numeri 13 ndi 14, komanso 2 Samueli 13. Tsegulani Baibulo lanu muwerenge nokha, kenaka mubwerere kuno.

ZIMENE ZIKUMVEKA PAKATI PATHU

Atsogoleri a ma cell akuti anthu achepa pa misonkhano ya madzulo. Ku overnight, azimayi ena amene kale anali oyamba kufika manje akupepesa. Ukafunsa chifukwa, yankho ndi limodzi: "Abusa, masiku ano kwaipa. Akawalala achuluka. Simunamve voice note ija?"

Tonse tinaimva. Mawu a mzimayi amene sitimudziwa, akupuma mothamanga, akuti pali galimoto yakuda yopanda nambala ikuzungulira pa masukulu. Sanatchule dzina lake, sanatchule tsiku, sanatchule komboni. Anangomaliza ndi mawu akuti tumizani kwa onse amene mumawakonda. Ife, poti timakondadi abale athu, tinatumiza.

Ndisanapite patali ndinene ichi momveka. Upandu uliko. Pali abale mu mpingo muno amene anathyoledwa nyumba, amene analandidwa foni pa siteshoni ya basi, amene anakumana ndi ma junkie usiku pobwera ku ntchito. Ngati ndinu mmodzi wa iwo, ululu wanu ndi weniweni ndipo mpingo uli nanu. Funso la lero ndi lina: kodi mantha amene tasenza ndi olingana ndi choopsa chimene chilipo? Nanga akutionetsa kumene choopsacho chilidi?

ANAYENDA DZIKO LIMODZI, ANABWERA NDI NKHANI ZIWIRI

Mose anatuma amuna khumi ndi awiri kukazonda Kanani, mmodzi pa fuko lililonse. Sanali anyamata wamba, anali atsogoleri. Anayenda masiku 40. Anabwera ndi phava la mphesa lalikulu moti linafuna anthu awiri kulinyamula pa mtengo, pamodzi ndi makangaza ndi nkhuyu.

Mukawerenga modekha muona kuti azondi khumi aja anapereka lipoti kawiri. Loyamba lili pa vesi 27 mpaka 29, ndipo linali loona. Anati dziko ndi labwino, zipatso ndi izi, koma anthu ake ndi amphamvu, mizinda ndi ya malinga, ndipo ana a Anaki aliko. Palibe bodza pamenepo. Kalebe sanatsutse chilichonse mwa zimenezi. Iye anangoti tiyeni tipite, tidzatha.

Pamene Kalebe anakamba tero, azondi khumi anasintha nkhani. Pa vesi 32 ndi 33 dziko lomwe lija la zipatso lasanduka dziko lodya anthu ake. Poyamba zimphona zinali gulu limodzi pakati pa mitundu yambiri, manje aliyense amene anamuona ndi chimphona. Ndipo iwo eni asanduka ziwala. Taganizani, abale: ngati dzikolo limadya anthu okhalamo, anthuwo anakula bwanji mpaka kukhala zimphona? Nkhaniyo inali yodzitsutsa yokha, koma munthu wamantha safunsa mafunso.

Dziko la Kanani silinasinthe pakati pa vesi 29 ndi vesi 32. Chiwerengero cha Aanaki sichinakwere. Chimene chinakula ndi kakambidwe.

Usiku womwewo msasa wonse unalira. Anthu amene sanapondeko ku Kanani, amene sanaonepo Mwanaki ndi maso, anasowa tulo chifukwa cha zimene anamva. Anayamba kupangana zosankha mtsogoleri wina wowabwezera ku Igupto. Pamene Yoswa ndi Kalebe anaimirira kuti awakhazike mtima pansi, khamu linafuna kuwaponya miyala. Sungani vesi imeneyo, Numeri 14:10, tibwererako.

Zaka 40 zitapita, Rahabi wa ku Yeriko anaulula kwa azondi a Yoswa kuti anthu a m'dzikomo anali atataya mtima chimvereni za Nyanja Yofiira. Anthu amene Aisraeli ankawaopa, nawonso ankanjenjemera. M'badwo wonse unathera m'chipululu chifukwa cha chithunzi cholakwika cha mdani wawo.

MMENE NKHANI IMAKULIRA KUPOSA CHOCHITIKA

Vuto limeneli si la ife tokha. Ku America, ziwerengero za FBI zimaonetsa kuti milandu yachiwawa, poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu, inatsika pafupifupi ndi theka kuyambira 1993 kufika 2022. Koma bungwe la Gallup, limene limafunsa anthu maganizo awo, linapeza kuti pafupifupi chaka chilichonse m'nyengo yomweyo anthu ambiri ankayankha kuti upandu m'dzikomo wakwera kuposa chaka chatha. Ku England ndi Wales, kumene kuli abale athu ena, kafukufuku wa boma wofunsa anthu m'makomo amaonetsa kuti milandu monga kuthyola nyumba ndi kumenyana inafika pamwamba mu 1995 ndipo yatsika kwambiri chiyambire, koma ambiri amakhulupirirabe kuti ikukwera.

Pali chinthu china chimene kafukufuku wa maiko awiriwa amagwirizana. Ukamufunsa munthu za dziko lonse, amati kwaipiratu. Ukamufunsa za dera limene iye amakhala, yankho limafewa. Kumene amaona ndi maso ake kuli bwinoko. Kumene amangomva ndiye kuli zimphona. Makolo athu anati kandimverere anakanena za m'maluwa.

Katswiri wina wa ku America, George Gerbner, anaphunzira nkhaniyi m'zaka za m'ma 1970. Anapeza kuti anthu amene amathera maola ambiri pa TV amaona dziko kukhala loopsa kuposa mmene amalionera amene amaonera pang'ono. Imeneyo inali TV, imene munthu amaizimitsa n'kupita kukagona. Nanga foni, imene timagona nayo pa pilo?

Pali njira zitatu zimene mutu wa munthu umanamizikira.

Yoyamba ndi kuwerenga nkhani imodzi kambirimbiri. M'ma 1990, sitolo ikathyoledwa ku Kitwe, munthu wa ku Chipata mwina sakanamva n'komwe. Lero CCTV ijambula, Facebook itenga, kenaka kavidiyo komweko kakufikirani mu group ya mpingo, ya banja, ya kuntchito, ya makolo a kusukulu, ndi ya amene munaphunzira nawo Grade 12. Kuba kunachitika kamodzi, koma mtima wanu walemba kasanu. Onjezani mavidiyo akale ndi a maiko ena amene amabwera atamatidwa dzina la komboni yathu. Ndipo palibe amene amajambula mayi amene wachoka ku Soweto Market madzulo, wakwera minibasi, wafika kunyumba bwino ndi ndalama zake zonse. Amayi oterowo ndi zikwizikwi tsiku lililonse, koma nkhani yawo siyenda pa WhatsApp.

Yachiwiri ndi kuiwala kuti tachuluka. Kalembera wa 2010 anapeza kuti m'Zambia tinali anthu 13 miliyoni. Wa 2022 anapeza 19.6 miliyoni. Anthu akachuluka, maukwati amachuluka, maliro amachuluka, milandu nayo imachuluka. Mudzi wa anthu 100 ukakhala ndi akuba awiri, ndi tauni ya anthu 1,000 ikakhala ndi akuba khumi, tauniyo ili ndi nkhani zambiri za kuba, koma munthu wa m'mudzi uja ndiye ali pafupi kwambiri ndi wakuba. Mukamva nambala, funsani kuti ndi mwa anthu angati.

Yachitatu ndi kukometsa kale. Timati kale tinkagona zitseko zili zotsegula. Funsani akuluakulu amene anakhala mu Lusaka ndi ku Copperbelt m'ma 1980 ndi m'ma 1990 kuti mipanda ya mabuloko yokhala ndi mabotolo osweka pamwamba, ndi zitsulo za m'mawindo, zinabwera chifukwa cha chiyani. Mlaliki 7:10 amatiletsa kunena kuti masiku akale anaposa ano, ndipo akuti funso lotero silichokera mu nzeru. Munthu woyamba kubadwa mwa mkazi anapha m'bale wake kumunda, kulibe foni, kulibe ma junkie, kulibe tauni.

Wina ati, "Koma Abusa, si masiku otsiriza ano? Paulo sanauze Timoteo kuti kudzakhala nthawi zowawitsa?" Inde anatero. Koma m'kalata yomweyo, pa 2 Timoteo 1:7, anali atamuuza kale kuti mantha sachokera kwa Mulungu, ndipo pa zimene Mulungu amapereka anatchulapo mtima wodziletsa. Chiphunzitso cha masiku otsiriza chinaperekedwa kuti tikhale maso. Sichitipatsa ufulu wokhulupirira voice note iliyonse popanda kuiyesa.

PAMENE KHAMU LINATOLA MIYALA

Tibwerere ku Numeri 14:10. Mantha akakula amafuna munthu woti amugwire, ndipo amagwira amene ali pafupi. Dziko lathu laziona izi kawiri m'zaka zaposachedwa, ndipo ambiri a ife tinaliko.

Mu 2016, mitembo ya anthu inapezeka m'makomboni a ku Lusaka monga George ndi Zingalume itachotsedwa ziwalo. Zimenezo zinachitikadi, ndipo anthu anali ndi chifukwa choopera. Kenaka mphekesera inayenda yakuti eni mashopu ochokera ku Rwanda ndiwo akuchita zimenezi. Mu April chaka chomwecho mashopu oposa 60 anaphwanyidwa ndi kubedwa. Anthu awiri anatenthedwa mpaka kufa, ndipo onse awiri anali a Zambia. Mabanja a anthu othawa kwawo anakabisala ku tchalitchi cha Katolika cha St Ignatius. Pambuyo pake, amene apolisi anagwira pa milandu ya kuphayo anali anthu a m'dziko lathu lomwe lino.

Kumapeto kwa 2019 nkhani ya gassing inayambira ku Chingola. Pofika February 2020 inali itafalikira pafupifupi dziko lonse. Mukukumbukira: anthu kuchezera panja usiku wonse, moto m'misewu, miyala yotseka njira, asilikali kutumizidwa m'makomboni. Aliyense wachilendo, aliyense wonyamula chikwama kapena botolo, anali wokayikiridwa. Boma linanena kuti anthu pafupifupi 50 anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya. Anthu amenewo sanafe ndi gasi. Anafa ndi miyala, zibonga ndi moto, m'manja mwa anthu amene ankaganiza kuti akuteteza ana awo. Sanaimirire pamaso pa woweruza aliyense.

Kwa anansi athu ku Malawi zinachitikanso mu 2017, pamene mphekesera ya anamapopa inayenda m'maboma a Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, ndipo anthu anaphedwa.

Abale, m'dziko limene limadzitcha lachikhristu, m'makamu amenewo munali anthu obatizidwa. Ena sanatole mwala, koma anadina forward. Eksodo 23:1-2 amaika zinthu ziwirizi pamodzi, kufalitsa mbiri yonama ndi kutsatira khamu pochita choipa, chifukwa choyamba ndicho chimabala chachiwiri. Deuteronomo 19:15 salola kuti munthu atsutsidwe ndi mboni imodzi. Nanga ife timamutsutsa bwanji munthu ndi mawu a munthu amene ngakhale dzina lake sitilidziwa? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mwana wanu akapita kukafuna ntchito ku tauni imene sadziwika, iyenso ndi mlendo wonyamula chikwama.

CHIMENE MANTHA AMATIBISIRA

Tsopano tsegulani 2 Samueli 13. Abisalomu anaitana ana onse a mfumu ku phwando la kumeta nkhosa, ndipo kumeneko anyamata ake anapha Amnoni. Ana ena a mfumu anakwera nyulu zawo n'kuthawa. Iwo akali m'njira, nkhani inafika kale kwa Davide yakuti ana ake onse aphedwa, palibe wotsala. Mfumu inang'amba zovala n'kugona pansi. Anafa ndi mmodzi, koma mbiri inapha onse. Nkhaniyo inathamanga kuposa nyulu, monga mmene voice note imathamangira kuposa galimoto ya apolisi.

Koma bwererani kumayambiriro kwa chaputalacho. Zaka ziwiri m'mbuyo, Amnoni anagwirira mlongo wake Tamara m'chipinda, m'nyumba ya banja lachifumu. Abisalomu anauza Tamara kuti akhale chete poti wochitayo ndi m'bale wake. Davide anamva, anakwiya kwambiri, koma sitiwerenga kuti anachitapo kanthu. Mbiri yokokomeza inamugwetsa pansi. Mlandu weniweni wa m'nyumba mwake anausiya uli chomwecho, ndipo ndiwo unabala imfa ya Amnoni.

Ife timamanga mpanda wautali kuopa mlendo, koma amayi ndi ana ambiri amavulazidwa mkati mwa mpandawo. Bungwe la United Nations loona za upandu limanena kuti pa dziko lonse, oposa theka la akazi ndi atsikana amene amaphedwa, amaphedwa ndi mwamuna wawo, chibwenzi, kapena wachibale. Kuno kwathu, kafukufuku wa Zambia Demographic and Health Survey wa 2018 anapeza kuti amayi 36 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anamenyedwapo chikwanitsireni zaka 15. Kwa amayi okwatiwa, wowamenya kawirikawiri ndi mwamuna wa m'nyumba.

Nambala imeneyi ili ndi phunziro lina. Mu 2007 kafukufuku yemweyo anapeza 47 mwa 100, ndipo mu 2013-14 anapeza 43. Chiwerengerocho chinali kutsika. Koma m'zaka zomwezo milandu ya nkhanza yofika ku polisi inali kukwera chaka ndi chaka, mpaka kupitirira 20,000 mu 2018. Zikutheka bwanji? Lamulo lolimbana ndi nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi linakhazikitsidwa mu 2011, Victim Support Unit inadziwika, ndipo amayi ambiri amene kale ankalira m'bulangeti anayamba kukanena. Nthawi zina nambala ikakwera ku polisi, ndiye kuti a Tamara ayamba kulankhula. Tithokoze Mulungu kuti 47 inatsika kufika 36, ndipo tilire kuti 36 ikadali mayi mmodzi mwa atatu. Pa benchi imene munakhala Sande, werengani.

Ganizaninso za msewu. Anthu pafupifupi 2,000 amafa pa ngozi za pamsewu m'Zambia chaka chilichonse. Koma m'bale yemwe akuopa kupita ku cell ya pafupi ndi nyumba yake amakwera basi yothamanga ngati mphepo pa Great East Road kapena Great North Road osatsegula pakamwa, amakwera njinga yamoto yopanda chipewa, amayendetsa galimoto akulemba meseji.

Ndipo wakuba amene amafika kwa ambiri a ife masiku ano sadumpha mpanda. Amatuma meseji yakuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi. Amaimba foni kuti mwapambana mphoto, kapena kuti mwana wanu wavulala kusukulu, tumizani msangamsanga. Onani kuti iyenso chida chake ndi mantha ndi changu. Timakiya zitseko ndi maloko atatu, kenaka timapereka PIN ndi pakamwa pathu.

Mantha okokomeza amatidyera kawiri. Amatiopsa ndi chimene chili kutali, ndipo amatichititsa khungu pa chimene chili pakhomo.

SIKUTI TIGONE TULO

Wina asatseke uthengawu n'kunena kuti Abusa ati kulibe choopsa. Kumapeto kwa Numeri 14, anthu omwe aja amene analira usiku anadzuka m'mawa ndi kulimba mtima kwabodza. Anakwera phiri kukamenya nkhondo Mose atawaletsa, likasa litatsala mumsasa, ndipo Aamaleki ndi Akanani anawakantha. Adani analikodi. Kunjenjemera kunali kulakwa, kudzitama kunalinso kulakwa. Yoswa ndi Kalebe okha ndiwo anaona mdani pa msinkhu wake weniweni, n'kuonanso Mulungu pa msinkhu wake.

Nehemiya ndiye chitsanzo chathu. Atamva kuti adani akupangana zoukira, anapemphera ndipo anaika alonda usana ndi usiku. Koma pamene Sanibalati anamutumizira kalata yosatseka yodzaza mphekesera, anayankha kuti zimenezo wazipeka yekha. Pamene Semaya anamuuza kuti athawire m'kachisi adzitsekere poti akubwera kudzamupha, Nehemiya anazindikira kuti munthuyo analipidwa kuti amuopseze, ndipo anakana. Chiopsezo chenicheni anachiikira mlonda, chabodza anachikana, ndipo linga linatha m'masiku 52. Kuzindikira mizimu kumene timapempherera kumagwiranso ntchito pa WhatsApp.

ZOCHITA SABATA INO

1. Musanatumize uthenga woopsa, funsani mafunso anayi: wanena ndani, zachitika kuti, liti, ndipo ndani wina wodalirika watsimikiza? Limodzi likasowa yankho, uthengawo uthere pa foni yanu. A admin a magulu a mpingo, a Bishopu apempha kuti muzichotsa ma voice note opanda mwini, mwaulemu koma osazengereza.

2. Mukaona chokayikitsa ndi maso anu, imbirani apolisi pa 991 kapena pitani ku police post yapafupi. Munthu akagwidwa, mwana wa Mulungu satola mwala ndipo saima n'kumajambula. Itanani apolisi ndi akuluakulu a dera.

3. Mukabedwa, kanenani, ngakhale muganize kuti katundu sabwera. Mlandu umene sunalembedwe suwerengedwa, ndipo dera limene milandu yake silembedwa limaoneka ngati silifuna thandizo.

4. Ngati m'nyumba mwanu kapena mwa aneba muli nkhanza, musachite za Abisalomu zouza munthu kuti akhale chete. Nambala ya 933 ndi ya nkhani za nkhanza, 116 ndi ya ana, ndipo zonse ndi zaulere. Victim Support Unit ili ku polisi. Azibusa ndi amayi a uphungu ali okonzeka kukuperekezani. Azibambo, nyumba yanu ikhale malo amene mkazi ndi ana amathawirako, osati amene amathawako.

5. PIN yanu ndi yanu nokha. Meseji yopempha ndalama ikabwera, imbirani mwini wake pa nambala imene mumaidziwa kale. Achinyamata, khalani pansi ndi agogo ndi makolo muwafotokozere bwinobwino.

6. Dziwani aneba anu ndi maina awo, kuphatikizapo m'bale wochokera ku Rwanda, ku Burundi kapena ku Congo amene mumagula sopo pa shopu yake. Mutu umodzi susenza denga. Azibambo amene mungathe, lowani mu neighbourhood watch yogwira ntchito pamodzi ndi apolisi.

7. Bwererani ku cell. Atsogoleri akonze kuti anthu aziyenda awiriawiri kapena atatu, abale aziperekeza alongo ndi okalamba, ndipo msonkhano uzitha pa nthawi yake.

8. Kwa masiku asanu ndi awiri, ola lomaliza musanagone likhale lopanda mavidiyo a upandu. M'malo mwake werengani Salimo 4 kapena Salimo 121 pamodzi ndi ana. Ana amamva zonse zimene timasewera mokweza pa foni, ndipo iwo sadziwa kusiyanitsa za ku komboni kwawo ndi za dziko lina.

MFUNDO ZA PEMPHERO

Pemphererani abale onse amene anakumana ndi akawalala, kuti Ambuye achiritse mitima yawo, awabwezere tulo ndi zimene anataya.

Pemphererani mabanja amene anataya okondedwa awo m'manja mwa khamu, ndipo tilape m'malo mwa dziko lathu chifukwa cha magazi osalakwa.

Pemphererani a Tamara a mu mpingo ndi m'makomboni athu, kuti apeze mawu ndi anthu owamvera.

Pemphererani anyamata amene timawatcha ma junkie. Aliyense wa iwo ali ndi mayi amene anamubereka. Yesu anamasula munthu wa kumanda amene dera lonse linkamuopa, ndipo akhoza kumasula awanso.

Pemphererani apolisi ndi oweruza, kuti agwire ntchito mwachilungamo ndi mopanda ziphuphu, kuti anthu asaone chifukwa chodziweruzira okha.

TIPEMPHERE

Atate wakumwamba, Inu mumadziwa chiwerengero chenicheni cha zonse zochitika m'dziko lino, palibe chimene chimakukulirani ndipo palibe chimene chimakubisikirani. Tikhululukireni pamene zala zathu zinafalitsa zimene maso athu sanaone. Tipatseni mtima wa Kalebe ndi nzeru za Nehemiya. M'dzina la Yesu tikudzudzula mzimu wa mantha, mzimu wa mphekesera ndi mzimu wa chiwawa, uchoke m'nyumba zathu, m'magulu athu ndi m'makomboni athu. Tsegulani maso athu tione wolira amene ali pafupi nafe. Tetezani ana athu popita ndi pobwera. Phimbani Zambia ndi mwazi wa Yesu. Amen.

LENGEZANI MOKWEZA

Ine sindine chiwala. Ndine mwana wa Mulungu wamoyo. Foni yanga siidzanyamula bodza, dzanja langa silidzatola mwala, pakamwa panga sipadzabisa nkhanza. Ndidzakiya chitseko changa mwanzeru ndipo ndidzagona mu mtendere. M'dzina la Yesu, Amen!

Ngati mwawerenga mpaka pano, lembani Amen mu group, ndipo muuze mtsogoleri wa cell yanu kuti sabata ino akusungireni mpando. Amene mukufuna kukamba ndi m'busa mwachinsinsi, fikani ku ofesi ya mpingo kapena muonane nafe mapemphero a Sande akatha.

Ambuye akudalitseni ndi kukusungani.

Wanu mu utumiki,
Wothandizira a Bishopu